Mabandi a pa sikirini: momwe Mtandire idayambira kuonera nyimbo

Mtandire ili tsidya lina la mtsinje wa Lingadzi, moyang'anizana ndi nyumba za mipanda ya njerwa za ku Area 47. Pa mapu a khonsolo ya mzinda wa Lilongwe dera limeneli ndi gawo la Area 56, koma palibe kondakitala kapena wakabaza amene amaitanira dzina limenelo. Anthu adayamba kudzazana kuno likulu la dziko litasamuka ku Zomba mu 1975: amisiri omanga nyumba, alonda, antchito a m'nyumba za mabwana, oumba njerwa ndi okumba mchenga mumtsinje. Adamanga pafupi ndi ntchito, pa malo ogawidwa ndi mafumu, popanda mapulani a boma, ndipo holo yochitiramo zoimbaimba palibe adawamangira. Komabe pofika m'zaka za m'ma 1990, mnyamata wa ku Mtandire ankatha kukufotokozerani momwe Lucky Dube amadumphira pa siteji, momwe amayi atatu othandizira Bob Marley amagwedezekera pamodzi, ndi mtundu wa nsapato za ovina a Pepe Kalle, chonsecho sadatulukepo mu Lilongwe. Zonsezi adazionera m'kachipinda ka mdima kotchedwa vidiyo sho.

Kuti kachipinda kameneka kakhale ndi mphamvu yotere, chidachititsa ndi mbiri ya dziko lenilenilo. Southern Rhodesia idayamba kuonetsa wailesi yakanema mu 1960, Northern Rhodesia, yomwe lero ndi Zambia, idatsatira mu 1961. Malawi idadikira mpaka pa 1 April 1999, pamene Television Malawi (TVM) idatsegulidwa mu ulamuliro wa Bakili Muluzi. Zaka 35 chilandirireni ufulu, nyimbo za dziko lino zinkafika m'nyumba kudzera m'khutu lokha. Wailesi ya MBC, yomwe idayamba mu 1964, ndiyo inkajambula oimba m'situdiyo zake ku Blantyre n'kumawaulutsa. Anthu ankawadziwa mawu a Robert Fumulani ndi Likhubula River, banjo ya Allan Namoko, magitala a Kalimba ndi Makasu, malipenga a Police Orchestra ndi MBC Band. Nkhope zawo, kaimidwe kawo, kagwiridwe kawo ka gitala, izi ankazidziwa okhawo amene adapezekapo pa dansi ku hotela kapena ku holo.

Makamera a boma adalipo ndithu, koma adali ndi ntchito yawo. A Film Unit a ku unduna wofalitsa nkhani ankatsatira Kamuzu Banda poyendera mbewu m'minda, pa misonkhano ya chipani ndi pa zikondwerero za 6 July, mbumba ikuvina. Galimoto zachikasu za alangizi a zaulimi zinkafika m'midzi madzulo, kukunga chinsalu n'kuonetsa kanema wa kathiridwe ka feteleza. Pamwamba pa zonsezi padali bungwe la Censorship Board, lokhazikitsidwa ndi lamulo la 1968, lomwe linkaunika filimu, buku ndi nyimbo iliyonse. Ndilo nthawi imene nyimbo ya Simon ndi Garfunkel yotchedwa Cecilia idaletsedwa chifukwa dzina lake lidafanana ndi la Mama Kadzamira. M'dziko lotere, woimba gitala wa ku Ndirande kapena ku Kawale sadali munthu woti kamera imuthere filimu.

Mwayi wosowa udagwera anyamata awiri a kwa Singano ku Chileka. Mu 1967, katswiri wa ku Austria wofufuza za nyimbo, Gerhard Kubik, adakumana ndi Daniel Kachamba ndi mng'ono wake Donald akuimba ku Blantyre, ndipo adawajambula pa filimu. Abale awiriwa adaphunzira nyimbo za kwela ku Salisbury, komwe banja lawo lidakhalako, ndipo adabwera nazo kumudzi n'kuzipatsa kakomedwe kakwawo: Daniel pa gitala, Donald akadali kamnyamata pa chitoliro, mnzawo akukoka besi ya chingwe chimodzi. Kubik adapitiriza kuwajambula zaka zotsatira, adalemba buku lonena za bandiyo, ndipo Daniel adakaimba ku Ulaya mu 1972. Zina mwa zithunzi za Daniel akuimba yekha zidatuluka pa tepi ya African Guitar mu 1995, mwini wake atamwalira kale mu 1987. Choncho ophunzira a ku Vienna ankatha kuimika filimu n'kumayang'anitsitsa zala za Kachamba pa nsambo, pamene anthu a ku Lilongwe amene ankaimba nyimbo zake pamtima sadamuonepo akuyendetsa dzanja.

Kunja zinthu zinkayenda mwina. Mu October 1971 bandi ya ku England ya Pink Floyd idanyamula zida zake zonse kupita ku bwalo lakale la Aroma ku Pompeii, ku Italy, ndipo Adrian Maben adaijambula ikuimba popanda woonerera ndi mmodzi yemwe. Filimuyo idatuluka mu 1972, ndipo mu 2025 idakonzedwanso n'kuonetsedwa m'nyumba za kanema, thukuta la womenya ng'oma likuoneka ngati ladzulo. M'zaka zomwezo ku Zambia kudali WITCH ya Emanuel Chanda, wodziwika kuti Jagari, Ngozi Family ya Paul Ngozi yemwe ankaimba rock m'Chinyanja, ndi Amanaz. Anthu ankadzaza mabwalo kukawaona, koma pamene Gio Arlotta ankakonza filimu ya mbiri ya WITCH, yomwe idatuluka mu 2019, zithunzi zoyenda za masiku amenewo zidapezeka zochepa kwambiri. Ngati zidali choncho m'dziko lokhala ndi wailesi yakanema, nanji kuno. Ku Blantyre, Wambali Mkandawire adayambira ku Sounds Pentagon, bandi yoimba nyimbo za Azungu ndi kuyesa kuziphatikiza ndi zakwathu, ndipo zambiri za bandiyo lero zili m'mitu ya amene adaivinira.

Chidasintha zinthu ndi deki. Kampani ya JVC ya ku Japan idatulutsa tepi ya VHS mu 1976, ndipo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 madeki adayamba kufika m'matauni a Malawi, ena m'sitolo za Amwenye, ena m'zikwama za anthu obwera ku Joni ndi ku Zimbabwe. Referendamu ya pa 14 June 1993 ndi chisankho cha pa 17 May 1994 zitadutsa, mantha adachepa, mavenda adadzaza misewu, ndipo aliyense wokhala ndi deki, sikirini ndi chipinda chokhala ndi magetsi adapeza bizinesi. Ku Kawale, Biwi, Chinsapo, Area 23, Area 25, Mgona ndi Mtandire, mavidiyo sho adamera pafupi ndi misika ndi malo omwera.

Amene adalowamo sangaiwale. Chipinda chimakhala cha njerwa zosawotcha kapena chisakasa cha matabwa, mazenera atatsekedwa ndi masaka ndi mapepala akuda kuti kuwala kusalowe. Mabenchi ndi matabwa okhomera pa zipilala zokumbira pansi, ana kutsogolo, akuluakulu kumbuyo. Sikirini imakhala pamwamba pa shelefu, nthawi zina m'kakhola ka zitsulo kotseka ndi loko, deki ili pambali itafundidwa kansalu kuopa fumbi. Chofunika kwambiri chimakhala panja: sipika yaikulu yopachika pakhoma kapena padenga, yofuula zonse zochitika mkatimo kuti wodutsa mumsewu mtima umukoke. Pakhomo pamakhala chikwangwani cha katoni cholembedwa ndi choko kapena makala, zikuto za matepi zitakhomedwa pomwepo, ndi mnyamata wotolera ndalama zachitsulo. Wopanda ndalama ankasuzumira pa kabowo ka thabwa mpaka atathamangitsidwa. Mkati mumatentha, fungo la thukuta, mtedza wokazinga ndi nzimbe lili thoo.

Mafilimu enieni okopa anthu adali a nkhondo ndi a karate: Rambo, Commando, Bruce Lee, Chuck Norris, Van Damme. Matepi a nyimbo ankaikidwa m'mawa poyitanira anthu, pakati pa filimu ndi filimu podikira kuti mabenchi adzaze, ndiponso Loweruka madzulo pamene achikulire ankabwera. Ambiri mwa matepiwo adali ojambulidwa kuchokera ku tepi ina, iyonso yojambulidwa ku inzake, mwakuti mitundu inkasungunuka, nkhope ya woimba n'kukhala yofiirira mbuu, mizere yoyera ikuyenda pansi pa chithunzi. Deki ikadya tepi, mwini sho ankatsegula chivundikiro, kuisolola mosamala, kupukuta mutu wa deki ndi kansalu konyowetsa ndi sipiriti, anthu akung'ung'udza kumbuyo. Gitala ikalira bwino pamalo ena, m'chipindamo munkamveka mfuu: "Bwezani pamenepo, achimwene!" Ndipo achimwenewo ankabwezadi.

Mfumu ya matepi amenewa idali rege. Lucky Dube, amene adatchuka ndi zimbale za Slave mu 1987 ndi Prisoner mu 1989 ndipo adakaimba ku Reggae Sunsplash ku Jamaica mu 1991, ankaonedwa mobwerezabwereza mpaka tepi kutha mphamvu. Sho ya Bob Marley ya ku Rainbow Theatre ku London ya mu 1977 inkazungulira m'matauni onse, pamodzi ndi za Peter Tosh, Burning Spear ndi Culture. Tiyenera kukumbukira kuti awa adali anyamata okulira m'dziko limene, kuyambira m'zaka za m'ma 1970, mwamuna wa tsitsi lalitali ankalakwira lamulo, ndipo alendo ena ankametedwa pa bwalo la ndege asadaloledwe kulowa. Kuona munthu wa tsitsi lopotana lofika m'chiuno ataima pamaso pa chikhamu cha anthu, akudzudzula olamulira popanda womugwira, chidali chinthu chachikulu kuposa nyimboyo.

Kudali kuphunziranso. Wailesi imakupatsa nyimbo, koma siikuonetsa kuti woimba besi amaima pafupi ndi womenya ng'oma ndipo amayang'anana, kuti mtsogoleri akakweza dzanja bandi yonse imadula kamodzi n'kuyambiranso, kuti oimba othandizira amakhala ndi masitepe awo, kapena kuti bandi imayamba yokha kutenthetsa anthu mwini sho asadatulukire. Anyamata ambiri amene pambuyo pake adagwira magitala m'makwaya ndi m'mabandi a mu Lilongwe adaziona koyamba zimenezi ali pa benchi ya vidiyo sho, n'kukaziyeserera kunyumba pa gitala ya chigubu. Dziko lidalibe sukulu zokwanira zophunzitsa za pa siteji, ndipo n'zosakayikitsa kuti tizipinda timeneti tidagwira gawo lina la ntchitoyo, ngakhale palibe adatipatsa ulemu umenewo.

Mbali inayo kudali rumba ya ku Zaire. Kanda Bongo Man adabweretsa kwasakwasa, Pepe Kalle wa thupi lalikulu ankavina ndi mnzake wamfupi Emoro mu Empire Bakuba, Yondo Sister ankathyola chiuno, kenako Wenge Musica ndi ndombolo. Pamene Koffi Olomide adadzaza holo ya Bercy ku Paris mu February 2000, sipadatenge nthawi kuti shoyo ifike m'mavidiyo sho a ku Lilongwe. Nyimbo izi zidaloweratu ndi maso, chifukwa mawu a Chilingala ankawamva ochepa. Masitepe oonedwa Lachisanu ankapezeka pa ukwati Loweruka, ana operekeza akwati akuwavina molondola. Makolo ndi atsogoleri a mipingo sadakondwere nazo. Lamulo la 1973 loletsa amayi kuvala mathalauza ndi masiketi aafupi lidali litangochotsedwa kumene, ndipo apa ana ankaonera atsikana ovala zothina akuvina pamaso pa anthu. Madandaulo ena adali oona: ana ankathawa sukulu kukakhala ku vidiyo, ena ankaba ndalama kunyumba, ndipo eni masho ena usiku ankaonetsa zolaula osayang'ana msinkhu wa olowa. Mbiri ya vidiyo sho ili ndi mbali imeneyonso.

Chopweteka mtima pang'ono n'chakuti Amalawi oyamba kuoneka akuimba pa masikirini amenewa ambiri adali ana a matchona. Mu February 1987 Paul Simon, yemwe uja wa nyimbo yoletsedwa, adachititsa sho ya Graceland pa bwalo la Rufaro ku Harare, pamodzi ndi Miriam Makeba, Hugh Masekela ndi Ladysmith Black Mambazo, ndipo idajambulidwa yonse. Woimba gitala wovina mwamphamvu pambali pake adali Ray Phiri wa bandi ya Stimela, woleredwa ku South Africa ndi bambo wochokera ku Malawi. Patapita zaka kudabwera Alick Macheso wa Orchestra Mberikwazvo, wobadwira m'mafamu a ku Shamva ku Zimbabwe kwa bambo wa ku Malawi, wodziwa kuliza besi ngati gitala yotsogolera, yemwenso amaponyamo Chichewa m'nyimbo zake monga ankachitira mphunzitsi wake Nicholas Zakaria wa Khiama Boys. Anthu ankamva dzina la Phiri kapena mawu a Chichewa pa sipika n'kunyadira kuti ameneyo ndi wathu. Koma oimba okhala ku Balaka ndi ku Chileka, amene makaseti awo ankagulidwa kwa O.G. Issa n'kumalira m'minibasi iliyonse, pa sikirini padalibe.

TVM itabwera, nkhope zidayamba kuoneka. Pulogalamu ya Music Splash ya Geoffrey Kapusa idapangitsa woimba aliyense kufuna vidiyo, ndipo ojambula adachuluka. Koma vidiyo yotchipa ndi ija woimba amaima m'mbali mwa nyanja, pa kapinga wa hotela kapena pa maluwa a pa raundabauti, n'kumayendetsa milomo motsatira nyimbo yojambulidwa kale ku situdiyo. Kujambula bandi ikuimba pamaso pa anthu kumafuna makamera angapo, magetsi owala bwino, mawu otengedwa pa mikisa osati pa kamera, ndi jenereta yodalirika. Ndalama zotere mabandi ambiri adalibe. Zotsatira zake n'zakuti dziko lidasunga mavidiyo ambirimbiri a oimba akunamizira kuimba, ndi ochepa a oimba akuimbadi.

Kutayika kwake kumaoneka bwino pa Evison Matafale. Adatulutsa Kuimba 1 ndi Kuimba 2, dziko lonse lidatekeseka, ndipo pa 27 November 2001 adamwalira ali m'manja mwa apolisi atamangidwa chifukwa cha makalata odzudzula boma. Pamenepo TVM idali isadakwanitse zaka zitatu. Zithunzi zake zoyenda n'zowerengeka, ndipo zomwezo ndizo zimabwerezedwa chaka ndi chaka nthawi ya chikumbutso chake ku Chileka. Bandi yake ya Black Missionaries, yodziwikanso kuti Ma Blacks, idapitiriza motsogozedwa ndi Musamude Fumulani, mwana wa Robert Fumulani, mpaka naye adamwalira mu 2007. Woimba mnzake Gift Fumulani naye adamwalira mu 2008. Anjiru ndi Chizondi Fumulani, Peter Amidu pa besi, ndi Anthony Makondetsa woyenda nawo limodzi, akhala akuzungulira dziko lino pafupifupi sabata iliyonse kwa zaka zoposa 20, ndipo anthu a ku Mtandire akhala akuyenda wapansi usiku kukawaona akabwera ku Lilongwe.

Aliyense amene adachezerapo pa sho ya Ma Blacks amadziwa kuti chimbale ndi china, sho ndi ina. Nyimbo ya mphindi zisanu pa chimbale imatha kutalika kawiri, besi ikuyenda yokha ndi ng'oma, kiyibodi ikulowa ndi kutuluka, anthu akuimba ndime yonse woimba atangowalozera maikolofoni. Nyimbo za Matafale zimaimbidwa ndi achinyamata amene adabadwa iye atapita kale. Kumayambiriro kwa usiku bandi imaimba mosamala, pofika m'bandakucha imakhala itamasuka, ndipo luso lenileni limatuluka nthawi imeneyo, ojambula ambiri atapita kukagona. Zimenezi ndizo zimayenera kusungidwa, chifukwa ndi m'mene mbadwo wina ungadziwire chifukwa chimene anthu ankagonera panja kutsatira bandi imeneyi.

N'chimodzimodzi ndi Balaka. Alleluya Band idayamba mu 1978, Paul Banda ndi anzake akuthandizidwa ndi wansembe wa ku Italy, bambo Mario Pacifici, ndipo idaphunzitsa oimba ambiri, kuphatikizapo mng'ono wake wa Paul, Lucius. Lucius Banda adatulutsa Son of a Poor Man mu 1994, adayambitsa Zembani Band mu 1997, ndipo pambuyo pake Sand Music Festival mu 2010. Lucius, wodziwika kuti Soja, atamwalira ku South Africa pa 30 June 2024, mafoni adadzaza ndi tizidutswa ta masho ake: kena ka mphindi imodzi kojambulidwa ndi munthu wovina, chithunzi chikugwedezeka, kena mawu ataphwanyika chifukwa foni idali pafupi ndi sipika. Anthu adatisunga ndi kutitumizirana mwachikondi, pakuti pa masho ambiri a zaka 30 za ntchito yake, timeneti ndi timene tidatsala.

Amene adatsogola pa kujambula masho athunthu ndi oimba nyimbo zauzimu. Ma VCD ndi ma DVD atalowa m'malo mwa matepi m'zaka za m'ma 2000, ndi timakina totchipa ta ku China tomwe banja la ku Mtandire linkatha kugula, ma DVD a Rebecca Malope ndi Joyous Celebration a ku South Africa adalowa m'nyumba zambiri. Makwaya ndi oimba a kuno adatengerapo: kuvala yunifomu, kuitana anthu ku holo, kujambula, kenako kukhazikitsa DVD pa mwambo wina. Mpingo uli ndi anthu okhulupirika ogula matikiti ndi kusonkha ndalama, chinthu chomwe bandi yoimba m'mabala ilibe. Holo ya Bingu International Convention Centre itatsegulidwa mu 2012, Lilongwe idapeza malo a magetsi ndi mawu oyenera ntchito yotere, ngakhale mtengo wolowera kumeneko kawirikawiri si wa mlonda kapena wogulitsa tomato.

Nthawi yomweyo vidiyo sho idayamba kusintha nkhope. Madishi a DStv adabweretsa mpira wa ku England, ndipo Loweruka ndi Lamulungu mabenchi adakhala a otsatira Arsenal, Manchester United, Chelsea ndi Liverpool. Masiku ena adatengedwa ndi mafilimu a ku Nigeria ndi aja omasuliridwa m'Chichewa. Nyimbo zidasamukira kwa anyamata obena, okhala ndi kompyuta m'kashopu ka pamsika, sipika ili panja monga kale. Munthu amabwera ndi memore khadi kapena fulashi n'kunena kuti, "Aise, undiikiremo Ma Blacks a layivi ndi Lucky Dube," ndipo pa ndalama yochepa amachoka ndi masho okwana kuonera sabata yonse pa foni.

Oimba amadandaula ndi malonda amenewa, ndipo ali ndi chifukwa. Kubena kudagwetsa msika wa makaseti ndi ma CD umene unkawadyetsa. Bungwe la COSOMA, lomwe lidayamba ntchito mu 1992, lidayesa zomata pa makaseti ndi ma CD ovomerezeka, lidayesa kulanda makompyuta ndi kupereka ziphaso, ndipo lamulo latsopano la 2016 lidabweretsa msonkho pa zipangizo zosungira nyimbo kuti eni nyimbo azipezako kangachepe. Koma pali chinanso choona chomwe sichinenedwa kawirikawiri. M'makompyuta a anyamata obena ndimo muli masho a oimba amene adamwalira, ojambulidwa pa TVM kalekale kapena ndi munthu wa kamera ya maukwati, omwe ngakhale abale a oimbawo alibe. Nkhokwe ya mbiri ya zoimbaimba za dziko lino yakhala ili m'manja mwa anthu amene lamulo limawatcha akuba, ndipo ndi nkhokwe yomangidwa pa chiswe. Kompyuta ikapsa ndi magetsi obwera mwamphamvu, ikabedwa, kapena madzi akalowa m'nyumba monga adachitira Lingadzi atasefukira ku Mtandire mu February 2017, zonse zimapita, ndipo palibe amadziwa chimene chatayika.

Mliri wa Covid-19 udakakamiza zimene umphawi udalepheretsa. Pa 20 March 2020 Peter Mutharika adalengeza kuti dziko lili pa ngozi ndipo misonkhano ya anthu oposa 100 idaletsedwa. Mabandi adasowa kokaimba, ndipo ena adayamba kuimbira makamera m'zipinda zopanda anthu, kuulutsa pa Facebook ndi pa wailesi zakanema, akupempha oonera kuti atumize kangachepe pa Airtel Money ndi Mpamba. Zimene Pink Floyd idachita ku Pompeii mwa kufuna kwake, oimba a ku Lilongwe ndi Blantyre adazichita chifukwa cha njala. M'nyengo yomweyo Patience Namadingo ankajambula mavidiyo oimba limodzi ndi akuluakulu, Lucius Banda, Billy Kaunda, Black Missionaries, ndipo mu 2020 adakhala pansi ndi Giddes Chalamanda (Agide) wa ku Chiradzulu, wobadwa mu 1930. Kachidutswa ka nyimbo ya Linny Hoo kadafalikira pa TikTok n'kuonedwa koposa ka 80 miliyoni. Agide adali ataimba kuyambira nthawi ya atsamunda, adali atakaimbako ku Library of Congress ku Washington mu 2016, koma kamera yowajambula bwino kwawo kuno idawapeza ali ndi zaka 90. Wambali Mkandawire mliriwo udamutenga mu January 2021.

Mtandire nayo ili ndi bandi yake imene dziko lapansi limaionera pa sikirini. Yobu Maligwa ndi Yosefe Kalekeni adakumana mu Lilongwe mu 2002, chaka cha njala, ndipo kwa zaka zambiri ankachoka ku Mtandire wapansi kukaimba m'misewu ndi m'misika ya m'tauni. Yobu amakhalira babatoni yopanga yekha, ya chingwe chimodzi chachitali ndi bokosi lokutidwa ndi chikopa, akuimba ndi mawu okwera. Yosefe amakwapula gitala ya nsambo zinayi uku akumenya ng'oma ndi chidendene. Emmanuel Kamwenje adawamva akuimba panja pa sitolo mu 2009 n'kuwajambulira chimbale cha Fungo la Nyemba. Mu 2017 Madalitso Band idakaimba ku Sauti za Busara ku Zanzibar, ndipo kuchokera pamenepo zitseko zidatseguka: Roskilde ku Denmark, WOMAD ku England, zimbale za Wasalala mu 2019 ndi Musakayike mu 2022 pansi pa kampani ya Bongo Joe ya ku Geneva, Glastonbury mu 2025, ndi filimu ya moyo wawo yotchedwa The Banjo Boys.

Kaimbidwe kawo n'kapachibale ndi ka Kachamba ndi Namoko, ndipo nkhani yawo pa kamera ikufanananso ndi ya Kachamba. Masho awo ojambulidwa bwino kwambiri, a makamera angapo ndi mawu oyera, ndi a ku Ulaya, pamaso pa Azungu ovina mosatopa. Kusiyana kwake n'kwakuti lero zithunzizo sizitsekeredwa m'nyumba zosungira zakale za kutali. Zili pa YouTube, ndipo mnansi wawo wa ku Mtandire angathe kuziona ngati ali ndi foni yabwino ndi bandulo yokwanira, kapena ngati mnyamata wobena wazitsitsa kale. Ambiri amene ankawadutsa pamsewu osaponya ngakhale khobidi adayamba kuwalemekeza atawaona pa foni akuimbira chikhamu cha anthu kunja.

Zida zojambulira sho yonse tsopano zili mu Lilongwe momwemo. Achinyamata ojambula maukwati ndi misonkhano ya mabungwe ali ndi makamera abwino kuposa amene Kubik adali nawo mu 1967, mawailesi akanema achuluka, ndipo bwalo la Bingu National Stadium, lotsegulidwa mu January 2017, likuoneka munthu ataima ku Mtandire. Chimene chikusowa ndi woti alipire ntchitoyo ndi malo odalirika osungirako zojambulidwazo, kaya ku MBC, ku National Archives ku Zomba kapena ku COSOMA, komwe mwana wa woimba angakazipeze patapita zaka. Ma Blacks akadali pa msewu sabata ndi sabata, Agide akadali ndi nyimbo zambiri zomwe sizidajambulidwepo pa kamera, ndipo Alleluya Band ikwanitsa zaka 50 mu 2028.